Malaya Amene Tinajambula pa Galasi

Achimwene anga ali ndi diso limodzi, ndipo malaya amene anawatayitsa linalo ndinasoka ndine. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa abale anga akamakamba nkhaniyi amakonda kuizunguliza. Amati zinali ndale, amati inali nyengo yake. Ndale zinalipo, sindikukana, koma ndale sizinagwire singano.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa Benga, matipate atangoyamba kumene. Ine ndinali telala wa pakhonde. Amuna anga anali atabwerako ku migodi ya ku Joni ndi zinthu zitatu: chifuwa chosamva mankhwala, wayilesi ya kanema, ndi deki yoonetsera matepi. Chifuwacho chinali chawo okha, koma zinazo tinkadyera tonse. Anamanga kachipinda ka zidina kuseri kwa khonde langa, anatseka mazenera ndi masaka, n'kundandika mabenchi. Jenereta ikangolira masana, anthu ankasiya makasu ndi njinga n'kudzadzaza kachipindako, kudzaona anthu a maiko ena akuthyolana makosi. Akatuluka, anyamata ankayeserera zomwezo pamsika, ndipo sipankatha mwezi osamva kuti wina wathyoka mkono podumpha mulu wa chinangwa.

Wayilesiyo akuti inkaonetsa mitundu yonse pamene inali ku Joni. Ine ndinaidziwa itagwa kale pa lole, ikungoonetsa zoyera, zakuda ndi zotuwa. Magazi ankatuluka akuda ngati oyilo, ndipo palibe amene ankadandaula.

Vuto linabwera pakhonde panga. Munthu ankatuluka m'kanema maso ali psuu, n'kudzaima pa makina anga. "Mayi, mundisokere malaya ngati a mkulu uja wamenya anthu pamlatho." Ine mkulu wa pamlathoyo ndamuonera kuti, poti tsiku lonse ndimakhala ndikupalasa makina? Munthuyo ankayamba kufotokoza ndi manja: kolala wotere, thumba apa, kumbuyo kong'aluka chonchi. Ndikasoka, iye amvekere si amenewa. Mayi wina anandiponyera diresi kumaso anthu akuona, ine n'kumukhuthulira madzi a m'beseni. Sindine munthu woleza mtima, ndipo pa Benga aliyense ankadziwa zimenezo.

Amuna anga ndi amene anapeza nzeru. Anali munthu woti akaona chinthu chili bwinobwino, manja ankawayabwa mpaka achimangirire waya. Anakatola galasi la zenera la basi ina imene inagwera m'ngalande, analiika m'felemu ya matabwa, n'kulembapo mizere yopingasana ndi penti, timabokosi tofanana. Kenako anakhoma misomali iwiri pamwamba pa wayilesi. Munthu akakonda chovala m'kanema, iwo ankadina batani loimitsira chithunzi, n'kukoleka galasilo patsogolo pake. Ine ndinkabwera ndi kachidutswa ka sopo kosongola n'kulondola chovalacho pagalasi: mapewa, kolala, matumba, kutalika kwa manja. Tikachotsa galasi, chovala chinkatsala pamenepo, mwini wake atapitiriza ndewu yake. Ndiye ndinkachikuza bokosi ndi bokosi pa pepala la thumba la simenti mpaka chikwane munthu weniweni.

Deki inali ndi manambala oyenda kutsogolo kwake, choncho iwo ankalemba nambala pachikuto cha tepi kuti wina akadzafuna chovala chomwecho tisavutike kuchisaka. Zimene sindikanatha kusoka, monga nsapato, zipewa ndi magalasi a dzuwa, tinkazijambula papepala n'kupatsira mayi wina amene ankakaoda kaunjika ku Lilongwe kuti akafufuze zofanana nazo. Nthawi zina ankabwera nazo zenizeni, nthawi zina ankabwera ndi zinthu zoti ngakhale mbuzi ikanaseka, koma anthu ankavalabe.

Ndisaname, nzeru imeneyi ndinainyadira. Anthu ankachokera kutali kudzaona galasi la pa Benga. Aphunzitsi ankabwera, akwatibwi ankabwera, ndipo matelala anzanga a pamsika anasiya kundipatsa moni, zimene zinkandikomera kwambiri.

Poyamba tinkaimitsa filimu pomwepo, anthu ali m'kati moonera. Kumeneko kunali kupusa kwathu. Tsiku lina kunabwera bambo wina wogula nsomba, wa mawu aakulu. Filimu inali itafika pamene mnyamata wa m'menemo wadumpha, mwendo uli m'malere kulunjika chibwano cha mdani amene anamuphera bambo ake. Anthu anali atadikira mwendo umenewo kwa ola lathunthu. Bamboyo anakuwa kuti, "Imitsani pomwepo, nsapato izo ndazifuna." Amuna anga, mwa ulemu wawo, anadina batani. Mwendo unaima m'malere. Kenako botolo linasweka pamutu pa wogula nsombayo. Anzake anadzuka, enawo anadzukanso, benchi linauluka. Amuna anga anakumbatira wayilesi ngati mwana, ndipo chigongono cha munthu chinawagulula dzino lakutsogolo. Ine nditamva phokoso ndinalowa ndi simbi ya makala ili moto n'kuyamba kuizunguza. Wina ndinamudinda nayo pamkono, ndipo chipseracho anapita nacho kumanda. M'kachipinda munayera nthawi yomweyo. Chithunzi chinali chidakaima, ndiye ndisanakolope magazi ndinayamba ndajambula nsapatozo, poti munthu anali atazivulalira.

Kuyambira pamenepo tinaika lamulo: wofuna chovala azisunga mumtima, abwere m'mawa mwake kachipinda kali kopanda anthu.

Chimene galasi silikanatha kutiuza chinali mtundu. Apanso amuna anga anapeza njira. Anatunga tizidutswa ta nsalu za mitundumitundu pachingwe ngati mkanda. Ankatseka chitseko kuti mukhale mdima, n'kumayandikizitsa kachidutswa kamodzikamodzi pa chithunzi, maso atatsinzina pang'ono. Kamene kafanana kawalidwe ndi chovala cha m'kanemacho, ankati ndiwo mtundu wake. "Makina anena," ankatero, nkhope ili ngati ya dokotala. Ine ndinkadziwa kuti n'zabodza, chifukwa mumdima chofiira ndi chobiriwira n'chimodzimodzi. Koma makasitomala ankaukonda mwambowo, ndiye ndinkangoyang'ana kumbali.

Achimwene ndi oyamba kubadwa m'mimba mwathu, ine wachitatu. Ankakhala kumene Bua amathirira m'nyanja, ndipo moyo wawo wonse unali bwato ndi ukonde. Ndi munthu wamkulu thupi, mapewa ngati chitseko, koma wamanyazi moti mwana akhoza kuwalanda nsomba m'manja. Akazi awo oyamba anamwalira pobereka, ndipo anakhala zaka zambiri okha, akudziphikira, ife tikuwanena mpaka pakamwa kuuma. Ndiye tinangomva kuti apeza mayi wina wa ku Liwaladzi, woferedwa ngati iwo, wa ana awiri. Mayiyo anali atalola, koma amalume ake ankafuna ayambe amuona munthuyo. Tonse tinkadziwa kuti ukwati umenewu ukalephereka, achimwene sadzayesanso.

Anabwera pa Benga kutatsala sabata imodzi kuti akaonekere. Analibe malaya oti n'kuima nawo pamaso pa apongozi, onse anali ong'ambika m'mapewa chifukwa chopalasa bwato. Masana ake alamu awo anawakokera m'kanema. Tsikulo inali tepi ya nyimbo za ku Zaire, ndipo woimba wina anavala malaya a kolala woimirira, matumba awiri a zivundikiro, mabatani ondondozana mpaka pakhosi. Achimwene anangowayang'anitsitsa malayawo. M'mawa mwake ndinawapeza atakhala kale pakhomo la kachipinda, akudikira ngati kasitomala wamba.

Tinaimitsa chithunzi, ndinajambula. Kenako amuna anga anatulutsa chingwe chawo cha tizidutswa. Anayesa aka, anayesa ako, n'kuima pa kamodzi.

"Alamu, ndi umenewu. Makina anena."

Nditatsegula chitseko n'kukaona kachidutswako padzuwa, ndinazindikira vuto nthawi yomweyo. Mtunduwo sindiutchula, ndipo mpaka lero sulowa m'nyumba mwanga. Unali mtundu wa chipani china.

Amene anabadwa pambuyo pake sangamvetse msanga. Masiku amenewo mitundu inali ndi eni ake. Chipani chilichonse chinali ndi wake, ndipo anyamata ake ankayenda m'magulu ndi zibonga, akununkha kachasu m'mawa. Akakumana ndi munthu wovala mtundu wa anzawo, ankamugwira, n'kumung'ambira chovalacho pathupi, n'kuchikweza pa ndodo akuimba. Ndinazionapo kangapo pamsika wathu. Sizinkatenga nthawi: kukoka kamodzi, mabatani balala, nsalu kwee, munthu n'kuthawa chifuwa chili pamtunda, mwina atalandira mbama ziwiri. Onse ankachita zimenezi, a uku ndi a uko omwe.

"Achimwene, mtundu uwu masiku ano si wabwino," ndinatero. "Tisankhe wina."

"Ine za ndale ndimazidziwa? Nsomba zanga sizinavote."

"Si zoseka izi. Mukudutsa pa boma, mukudutsa misika ingati?"

"Ndikufuna monga wavalira mkuluyo. Kapena kolalayo wakukanikani, achemwali, mukungonamizira mtundu?"

Ankangondiseka, monga ankachitira tili ana. Amuna anga nawo anaseka, mpata wa dzino uli poyera. Ine zinandilasa. Pa zonse zimene munthu angandinene, kundiuza kuti ntchito yandikanika ndi kumene kumandichotsa nzeru. Ndinati chabwino, muona. Mawu ochenjeza ndinawanena tsiku limenelo lokha, sindinawabwerezenso.

Ndinagula nsalu yokhuthala ya mtundu womwewo, ndipo ndinasoka masiku atatu. Podziwa mapewa a achimwene, msoko uliwonse ndinaupinda n'kuudutsa kawiri. M'kolala ndinaikamo nsalu ina yolimba. Mabatani asanu ndi atatu ndinawamanga ndi ulusi wa nayiloni umene asodzi amasokera maukonde, ndipo timabowo take ndinatisoka pamanja, tothina, kuti batani likalowa lisamatuluke lokha. Atawavala, achimwene anaima pa kalilole nthawi yaitali akusisita matumba. Chibadwire anali asanavalepo chinthu chosokedwera iwo. Anati, "Awa ndidzaikidwa nawo." Ndinawakalipira kuti asamalankhule zamalodza, koma mumtima ndinasangalala.

Loweruka m'mawa tinakwera matola. Amalume athu anali atatsogola dzulo lake, ine ndinapita ngati mlongo, nditanyamula dengu la mpunga. Titadutsa pa boma tinayamba kuona malole odzaza anthu ndi mbendera, ndipo tinamva kuti chakumpoto kuli msonkhano wa chipani, osati cha mtundu wa malaya aja. Anthu a m'galimoto anayamba kuwayang'ana achimwene n'kumatembenukira kumbali. Mayi wina wachikulire anandikodola.

"Mwana wanga, auzeni amuna anuwa afunde kanthu."

"Ndi achimwene anga, mayi."

"Ndiye afunditseni msanga."

Ndinali ndi chitenje chapadera m'dengu. Ndinachitulutsa, achimwene anachikankha. Anati akafika bwanji kwa apongozi atafunda chitenje ngati wodwala malungo, komanso malaya akwinyika. Ndikanawakakamiza akanamva, chifukwa chiyambire sanandikanirepo chinthu kawiri. Koma nanenso ndinkafuna kuti anthu a ku Liwaladzi amuone kolala ameneyo ali chilili. Ndinabweza chitenje m'dengu.

Tisanafike pa mlatho wa Bua tinapeza chipika chitagonekedwa pamsewu. Pambali panali gulu la anyamata akudikira lole yowatengera ku msonkhano. Ena anali ndi nthambi, ena zibonga. Dalaivala anaima. Mmodzi wa iwo, wovala lamba wa chitsulo chachikulu, anazungulira galimoto n'kuima pamene panali achimwene. Anali wamng'ono moti akanatha kukhala mwana wawo.

"Madala, tsikani."

Achimwene anatsika akumwetulira mwamanyazi, monga amachitira ndi alendo.

"Mwavala chiyani apa?"

"Malaya, bambo. Ndikupita kukaonekera kwa apongozi."

"Vulani."

"Pali azimayi pano, ndingavule bwanji? Ine si wa chipani, ndine msodzi. Kwathu ndi kumunsi kuno."

Mnyamatayo sanadikire kuti amalize. Anawagwira pachifuwa ndi manja awiri n'kukoka monga ankachitira ndi ena onse. Palibe chinachitika. Anakokanso mpaka iye mwini anadzandira, koma batani ngakhale limodzi silinaduke. Wina m'gulu lawo anaseka, ndipo m'galimoto mwathu munthu wina anasekanso. Kuseka kumeneko ndi kumene kunaononga zonse. Ndinaona nkhope ya mnyamatayo ikusintha.

Anabwera ena awiri, wina anagwira dzanja ili la malaya, wina ilo, n'kumakokera uku ndi uku. Ndinkamva ulusi ukulira, koma msoko sunalole. Ine ndinali nditaimirira m'galimoto ndikupempha mumtima kuti ung'ambike, ntchito ya manja anga ing'ambike. Wina anawatchera mwendo, achimwene n'kugwa chagada paphula. Anawagwira kolala chakumbuyo n'kuyamba kuwakhwekhwereza. Kolala woimirira uja anawakanyanga pakhosi, lilime linatuluka, maso anatong'oka, miyendo ikupalasa pansi. Pamenepo anali atalola kuvula. Ndinaona zala zawo zikufufuza batani lapakhosi, koma zala za msodzi n'zazikulu ndipo bowo linali latsopano.

Sindikumbuka mmene ndinatsikira. Ndikukumbuka kuti ndinamuluma wina pamkono mpaka ndinamva mchere wa magazi, iye n'kundimenya chibakera pakhutu. Ndinagwera pa achimwene n'kuwaphimba. Ndinkakuwa kuti, "Dikirani, ndiwavula ndine, ndasoka ndine," koma panalibe womva. Zibonga zinkatera pamsana panga, pamiyendo pawo, paliponse. Ndinayamba ndi batani lapakhosi. Ndinalimanga ndekha, ndinkadziwa kuti silingaduke, ndiye ndinayenera kulitulutsa bwinobwino pabowo lake ngati ndili pakhonde panga, uku ndikumenyedwa. Loyamba linatuluka, achimwene anakoka mpweya. Lachiwiri linatuluka. Pa lachitatu chibonga chinatera padzanja langa lamanja, zala ziwiri n'kuthyoka, ndipo otsatira ndinamasula ndi dzanja lamanzere ndi mano.

Nditangomasula lachisanu ndi chimodzi, mnyamata woyamba uja anavula lamba wake. Anazunguza kamodzi n'kumenya ndi kuchitsulo. Ine ndinali nditaweramira pamimba pa achimwene, nkhope yawo inali poyera. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda bango lakupsa. Achimwene sanakuwe. Anangogwira kumaso, ndipo pakati pa zala zawo panatuluka magazi osakanikirana ndi madzi.

Mabatani awiri otsalawo ndinamasulabe. Sindidziwa chifukwa chake, manja ankangopitiriza okha. Anyamatawo anasolola malayawo kuchoka kumsana kwa achimwene, athunthu, opanda pong'ambika ngakhale pamodzi. Wina anakwera mumtengo wa pambali pa msewu n'kuwakoleka panthambi yapamwamba. Posakhalitsa lole yawo inafika. Anachotsa chipika okha, anakwera, n'kumapita akuimba.

Dalaivala anatembenuza galimoto kutibweza ku chipatala cha pa boma. Mayi wachikulire uja ndi amene anatulutsa chitenje m'dengu langa n'kuwafunditsa achimwene. Sanandinene kanthu njira yonse, ndipo ndikanakonda akanangonditukwana.

Diso lamanzere analichotsa tsiku lomwelo. Pakhosi panatsala mzere wakuda wozungulira, ndipo mawu awo anasasa kwa milungu ingapo. Zala zanga anazimangirira pa kathabwa. Zinapola zokhota, moti mpaka lero singano ndimaigwira ngati wophunzira kumene.

Amalume athu anafika tsiku lotsatira kuchokera ku Liwaladzi ndi uthenga woipa. Anthu kumeneko anadikira ndi chakudya mpaka dzuwa kupendeka, kenako mbiri inawafika yokhota, yoti mkamwini wamenyana ndi anyamata a chipani pamsewu. Amalume a mayi wofuna kukwatiwa uja anati safuna munthu wa ndale ndi ndewu pakhomo pawo, angadzawaotchetse nyumba. Achimwene anamva zonsezi ali gone, nkhope itakulungidwa mabandeji. Anatembenukira kukhoma, ndipo phala limene ndinawabweretsera linazizira pomwepo.

Nditabwerera pa Benga ndinalunjika m'kachipinda, ndinatenga galasi lija n'kuliphwanya pamwala wa pakhomo. Mizere ya sopo ya malaya aja inali idakalipo. Amuna anga ndinawatukwana mawu amene sindingalembe. Ndinati makina anu, tizidutswa tanu, bodza lanu, mwandiphera mlongo wanga. Ndinawaponyera felemu, inawatema pamphumi. Iwo sanabweze. Anapukuta magazi, anatola zidutswa za galasi kuopa kuti ana angaponde, kenako anati, "Ine mtunduwo ndinauona mumdima. Inu munauona padzuwa." Sitinalankhulane sabata ziwiri, chifukwa ananena zoona.

Achimwene atatuluka m'chipatala anapita kwawo ku Bua osadzera pa Benga. Miyezi inadutsa. Nkhani zawo ndinkazimva kwa ogula nsomba. Ankati ayambanso kulowa m'madzi, koma poyamba ankaphonya pogwira chingwe chifukwa diso limodzi limanamiza kutalika kwa chinthu. Ankati salankhula ndi munthu. Ankatinso malaya aja adakali mumtengo, mvula ikuwavumba, dzuwa likuwaomba, palibe wolimba mtima kuwatsitsa, ndipo achimwene akamapita pa boma amadutsa pansi pake. Wina anafuna kundisangalatsa n'kunena kuti, "Koma mayi mumasoka, mpaka pano sanang'ambike." Ndinamuthamangitsa ndi sizasi.

Ndinkakonza ulendo wa ku Bua n'kuulepheretsa ndekha. Lero ana akudwala, mawa ntchito yachuluka. Zoona zake ndinkachita mantha. Munthu wolusa sindimuopa, ndimadziwa chomuchita. Ndinkaopa kukaima pamaso pa munthu wofatsa, iye n'kundiyang'ana ndi diso lotsalalo osanena kanthu.

Zimene zinkachitika ku Liwaladzi ndinazimva pambuyo pake. Mayi uja sanamvere amalume ake. Anafufuza yekha mpaka anamupeza dalaivala wa matola uja, n'kumutengera kwa akuluakulu a kwawo kuti akafotokoze zimene anaona. Akuluakuluwo atakanabe, mayiyo anayamba kumapita ku Bua ndi ana ake kukawaphikira achimwene, masanasana, anthu akuona ndi kunena. Amalumewo anagonja chifukwa cha manyazi.

Anthu atatha kukolola mpunga, m'mawa wina ndikupalasa makina ndinaona mthunzi pa nsalu. Anali achimwene, ataonda, chikope chamanzere chitalowa m'kati. Pambuyo pawo panali mayi wa ku Liwaladzi uja, wamfupi, wa maso akuthwa, amene anandipatsa moni mwaulemu koma osamwetulira. Ndinayala mphasa. Ndinafunsa za ulendo, za ana, za mphepo ya panyanja. Mawu amene ndinakhala ndikuwakonza miyezi yonseyo anakana kutuluka.

"Achemwali," anatero achimwene, "ukwati ndi mwezi wamawa. Ndabwera mundisokere malaya."

Ndinati pa boma pali matelala abwino kuposa ine.

"Ine telala wanga ndi mmodzi."

Anatulutsa nsalu yoyera m'jumbo. Ndinatenga tepi n'kuyamba kuwayeza, ngakhale miyeso yawo ndinkaidziwa pamtima. Mapewa anali atachepa. Nditafika pakhosi, tepi itangowakhudza, thupi lawo lonse linanjenjemera, ndipo dzanja lawo linakwera lokha kudzagwira langa lokhotalo. Tinaima choncho. Mayi uja anayang'ana kumsewu.

"Pepani, achimwene," ndinatero. "Ndinkadziwa."

"Inu munandiuza." Anasiya dzanja langa. Kenako analankhula motsitsa mawu, ngati akupempha chinthu chochititsa manyazi. "Koma awa, achemwali, musalimbitse. Mungogwirizitsa. Oti munthu akakoka, ang'ambike."

Ndinawayang'ana kuti mwina akundiseka monga kale. Sankaseka.

Ndinasoka monga anapemphera: msoko umodzi, ulusi wamba, mabowo aakulu. Ndi malaya oipa kuposa onse amene ndinasokapo, ndipo ndinawasoka ndikulira. Anang'ambika kukhwapa tsiku la ukwati lomwelo, achimwene atangokweza mkono kupatsa anthu moni. Iwo anapapasa pong'ambikapo ndi zala, n'kupitiriza kupereka moni.